Mai Käthe Kollwitz, Amene Adasema Maliro a Mwana Wao Pamwala

Mai Käthe Kollwitz adabadwa pa 8 July 1867 mumzinda wa Königsberg, umene tsopano uli m'dziko la Russia ndipo ukutchedwa Kaliningrad. Mu 1891 adakwatiwa ndi Karl Kollwitz, dotolo wa anthu osauka ku Berlin. Akazi otopa amene ankafika pakhomo pa dotoloyo atanyamula ana odwala ndiwo amene maiwa ankakonda kujambula, kotero kuti nkhope ya chisoni adaidziwa bwino chisonicho chisanalowe m'nyumba mwao.

Mu 1903 adajambula chithunzi cha mkazi atakumbatira mtembo wa mwana wake. Pofuna kuona bwino magonedwe a thupi, adafungata mwana wao wachiwiri, Peter, wa zaka 7, nakhala naye patsogolo pa kalilole.

Nkhondo yaikulu itabuka mu 1914, Peter adali ndi zaka 18, ndipo sakadatha kulowa usilikali popanda chilolezo cha bambo wake. Bamboyo adakana. Tsono mnyamata adadandaulira mai wake, ndipo maiwo ndiwo adapembedza mwamuna wao mpaka adalola. Mwezi wa October chaka chomwecho Peter adaphedwa pafupi ndi Diksmuide, m'dziko la Belgium, atangokhala masiku owerengeka kumalo omenyera nkhondo.

Imfa ya mwana ndi yowawa kwa kholo lililonse. Koma nanga kholo limene lidamtsegulira lokha chitseko lidzautula kuti mtolo wake? Mai Kollwitz adautula pa ntchito ya manja ao. Chisanathe chaka cha 1914 adayamba kuumba chikumbutso: Peter ali chigonere, makolo ake wina kumutu wina kumiyendo, kuti chilemekeze anyamata odzipereka chifukwa cha dziko lao. Adalimbana nacho zaka zisanu, osakhutira nacho. Chimene chidavuta si dongo ai, koma mtima: pang'onopang'ono adaleka kukhulupirira kuti magazi a anyamata aja adapindulira munthu, ndipo manja ao adakana kutamanda chimene mtima udaleka kuvomera. Mu 1919 adaisiya ntchitoyo.

Adayambanso mu 1924, ndipo ulendo uno mwanayo adamchotsamo. Mudatsala makolo awiri okha, ogwada, osemedwa pamwala wolimba. Bambo, amene ali ndi nkhope ya Karl, wagwada chilili, atadzikumbatira yekha mwamphamvu monga munthu woopa kuti akamasula manja agwa. Mai, amene ali ndi nkhope ya Käthe mwini, wawerama, atadzikulunga m'nsalu, maso ali pansi. Sakhudzana, sayang'anana. Amene adakhalapo pa maliro a mwana adziwa kuti zimenezi n'zoona: mwamuna ndi mkazi alira mwana mmodzi, koma aliyense alira yekha.

Miyalayo idaimikidwa mu 1932 pa manda a asilikali a Roggevelde, patapita zaka 18 chifere Peter. Nkhondo yachiwiri itatha, mitembo idasamutsidwira ku Vladslo pamodzi ndi miyalayo. Kumeneko kwagona asilikali a Germany oposa 25,000, ndipo manda a Peter ali patsogolo pa makolo ake amwalawo.

Boma la Hitler lidawachotsa m'bungwe la amisiri la Prussia mu 1933, ndipo pambuyo pake ntchito zao zidaleka kuonetsedwa poyera. M'masiku a chete amenewo, mu 1937, adayamba kuumba kafano kakang'ono ka mai ndi mwana wake wakufa. Sadali Mkatolika, komabe woona kafanoko sangalephere kukumbukira Amai Maria atalandira mtembo wa Ambuye pansi pa mtanda. Pamene Michelangelo adasema Maria ngati namwali wa nkhope yosalala, Mai Kollwitz adaumba nkhalamba yosinkhasinkha, mwana ali pakati pa maondo ake ngati afuna kubwerera m'mimba. Chifanizo chake chachikulu chidaikidwa mu 1993 m'nyumba ya Neue Wache ku Berlin, yokumbukira ophedwa ndi nkhondo ndi maulamuliro ankhanza.

Karl adamwalira mu 1940. Mdzukulu wao, amene adali ndi dzina la Peter yemwe uja, adaphedwa ku Russia mu 1942, ndipo mu 1943 mabomba adaononga nyumba yao ya ku Berlin pamodzi ndi zojambula zambiri. Mai Kollwitz adamwalira ku Moritzburg, pafupi ndi Dresden, pa 22 April 1945, kutatsala masiku 16 kuti nkhondo ithe ku Ulaya.