Robert Bunsen, katswiri amene anaonetsa kuti utsi ndi moto wotayika

Robert Bunsen anabadwa m'mwezi wa March 1811 mu mzinda wa Göttingen ku Germany, kumene bambo ake ankaphunzitsa pa yunivesite. Anasankha maphunziro a kemisitiri, ndipo ntchitoyi inamuonongera diso lakumanja pamene mankhwala amene ankafufuza anamuphulikira.

Anafufuzanso za ng'anjo zosungunulira chitsulo. Atayeza mpweya wotuluka m'ng'anjo za kwawo, mu 1845 iye ndi Lyon Playfair wa ku Britain anachita chimodzimodzi pa ng'anjo zosonkhezera malasha ku England. Anapeza kuti mphamvu ya malasha yoposa magawo 80 mwa magawo 100 alionse inkangothawira m'mwamba ngati gasi wosapsa, ndipo analangiza kuti gasiyo azikoledwa n'kuyatsidwanso.

Malasha akatenthedwa amayamba atulutsa gasi ndi phula. Mpweya ukakhala wokwanira, zonsezi zimapsa n'kutheratu. Koma malasha akachuluka, mpweya n'kuchepa, gawo lina limasanduka mwaye, tinthu takuda timene timanyeka m'kati mwa lawi n'kulichititsa kuoneka lachikasu. Motowo umatulutsanso carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo, umene ukadayaka ukadawonjezera kutentha.

Mu 1852 Bunsen anasamukira ku yunivesite ya Heidelberg. Kumeneko gasi wochokera ku malasha ankayaka ndi lawi lachikasu lodetsa ziwiya zoyesera mankhwala. Pofika 1855, iye ndi mmisiri Peter Desaga anali atakonza kachipangizo kokhala ndi ziboo m'munsi, zolowetsa mpweya kuti usakanizike ndi gasi asanayake. Lawi lake linali lobiriwira ngati thambo, lotentha kwambiri ndiponso lopanda mwaye. Mpaka lero kachipangizoka kamapezeka m'malabotale a sukulu za sekondale ndipo kamadziwika ndi dzina lake. Lawi loyerali linamuthandiza, pamodzi ndi Gustav Kirchhoff, kutulukira caesium mu 1860 ndi rubidium mu 1861.

Bunsen sanafune kudzisungira umwini wa zimene anatulukira kuti alemererepo. Sanakwatire, ndipo anamwalira ku Heidelberg pa 16 August 1899 ali ndi zaka 88.

Mwaye umene iye anauchotsa m'labotale udakali vuto m'makhitchini ndi m'mafakitale ambiri. Mu 2011 bungwe la United Nations loona za chilengedwe la UNEP, lomwe likulu lake lili ku Gigiri mu mzinda wa Nairobi ku Kenya, linatulutsa lipoti limodzi ndi bungwe loona zanyengo la WMO, losonyeza kuti mwaye umadwalitsa mapapo komanso umawonjezera kutentha kwa dziko. Lamulo lake ndi limodzi, kaya pa malasha a ku Moatize ndi ku Mchenga, kaya pa makala a pa mbaula: moto wosowa mpweya umataya mphamvu, ndipo m'nyumba yotseka umatha kupha anthu ali m'tulo.