JAMES YOUNG, MWANA WA MMISIRI AMENE ANAUNIKIRA NYUMBA ZA OSAUKA

M'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anacepa m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi analikuzima maora ambiri tsiku ndi tsiku, ana a sukulu a ku Kanyama, Matero ndi Chawama anabwerera ku kuunika kumene ife a kumidzi ticidziwa bwino. Ena anayatsa makandulo, ena anafunafuna koloboyi wakale nathiramo parafini, kuti awerenge mayeso asanafike. Koma ali owerengeka amene adziwa kuti mmodzi wa anthu oyamba kufikitsa mafuta amenewa ndi phula la makandulo m'nyumba za osauka anali mwana wa mmisiri wa matabwa, amene anaphunzira kemisitiri madzulo ataweruka ku nchito. Dzina lace ndiye James Young, bwenzi la David Livingstone.

James Young anabadwa pa 13 July 1811 mu mzinda wa Glasgow ku Scotland. Atate wace anali kalipentala, ndipo mwanayo anakula akupala matabwa pambali pao. Sukulu ya masana anaiona pang'ono cabe. Koma mu mzindamo munali sukulu ya ukacenjede yochedwa Anderson's, imene mwini wace anailamulira kuti idziphunzitsanso anthu a nchito za manja. Ali ndi zaka 19, Young anayamba kupita kumeneko madzulo, kukamva maphunziro a kemisitiri. Kemisitiri ndilo phunziro lofufuza cimene cinthu ciri conse cinapangidwa naco, ndi m'mene cisandukira cikatenthedwa kapena kusanganizidwa ndi cinzace.

Mphunzitsi wace anali Thomas Graham, munthu wodziwika cifukwa ca kufufuza kwace za m'mene mipweya imwazikira. Graham anaona kuti mnyamata wa mmisiriyo anali wa maso akuthwa ndi wa manja aluso, namtenga akhale womthandiza. Nchito yace inali kukonza zipangizo zoyesera, kutsuka mabotolo ndi kuonetsa ophunzira zimene mphunzitsi analikunena. Umo ndimo anaphunzirira kemisitiri: ndi makutu, ndi maso, ndi manja omwe.

M'caka ca 1836 kunafika wophunzira wina wosauka, wocokera ku nyumba yopota thonje ya ku Blantyre wa ku Scotland. Ameneyo ndiye David Livingstone, amene anadza kudzaphunzira za udokotala, ndipo kemisitiri linali limodzi la maphunziro ace. M'cipinda ca Young munali benci ndi zida za umisiri, ndipo Livingstone anazolowera kulowamo, naphunzira kugwira zidazo. Ubwenzi wao unayambira pamenepo, ndipo sunathe kufikira imfa.

Graham atasamukira ku University College ku London mu 1837, Young anamtsata. Pambuyo pace analowa nchito m'mafakitale opanga mankhwala, poyamba kwa James Muspratt mu 1839, ndipo mu 1844 ku kampani ya Tennant ku Manchester. Tsono mu 1847 mnzace wa ku sukulu, Lyon Playfair, anamuuza kuti mu mgodi wa malasha wa ku Riddings, m'dera la Derbyshire, munalikutuluka mafuta akuda a pansi. Young anatenga mafutawo nawayenga, natulutsamo mitundu iwiri: ena opepuka oyatsira nyali, ena olemera odzoza makina.

Koma kasupeyo sanakhalitse. Patapita zaka zowerengeka anayamba kuphwa, ndipo nchito yonse ikadathera pomwepo. Apa mpamene maphunziro a madzulo aja anaonetsa phindu lace. Young anaganiza kuti mafutawo anacokera ku malasha otenthedwa pansi pa nthaka. Lero tidziwa kuti mafuta a pansi sapangika motero. Komabe ganizolo linamtuma kukayesa, ndipo kuyesako kunabala zipatso. Anatsekera malasha m'mbiya za citsulo, nawatentha pang'onopang'ono. Anapeza kuti moto waukali utulutsa mpweya woyaka, koma moto wofatsa utulutsa nthunzi imene, ikazizira m'mipope, isanduka mafuta. Amene anaonapo mphika ndi mpope wa ophika kacasu adzamva msanga m'mene izi zicitikira, ngakhale nchito yao sitiiyamikira. Mafutawo anawatsuka ndi asidi ndi soda, nawayenganso, kufikira atalekanitsa mafuta a nyali, mafuta a makina ndi phula loyera la makandulo.

Mu 1850 boma linampatsa kalata yotsimikiza kuti njirayo njace. Caka cotsatira iye ndi anzace awiri, Edward Binney ndi Edward Meldrum, anatsegula fakitale ku Bathgate, pafupi ndi malo okumbidwa malasha a mafuta ambiri. Anthu ena m'maiko ena, monga Abraham Gesner wa ku Canada, analikufunafuna njira yomweyo. Koma fakitale ya ku Bathgate iwerengedwa pakati pa zoyamba pa dziko lonse kuyenga mafuta otere ndi kuwagulitsa. Kale anthu a kumeneko anaunikira ndi mafuta a anamgumi, amene anali a mtengo wapatali, kapena ndi makandulo a mafuta a nyama, onunkha ndi ofuka utsi. Tsopano mwana wa munthu wamba anatha kuwerenga usiku. Anthu anayamba kumucha Paraffin Young.

Malasha aja atatha, anatembenukira ku mwala wina wa mafuta wopezeka m'dera lomwelo, namanga fakitale yaikulu ku Addiewell. Mwala wa maziko ace anauika ndi Livingstone mwini, atabwera kwao mu 1864 pocokera ku ulendo wa ku Zambezi ndi ku Shire. Zitsime za mafuta zitakumbidwa ku America kuyambira 1859, mafuta a pansi anacuruka, ndipo parafini wa masiku ano ayengedwa kucokera ku amenewo. Fakitale yotsiriza ya mwala uja ku Scotland inatsekedwa mu 1962. Koma luso loyenga ndi kulekanitsa mafuta, limene Young anali mmodzi wa olikonza, silinatayike.

Young analemera kwambiri, koma sanaiwale bwenzi lace kapena sukulu yace. Anathandiza maulendo a Livingstone ndi ndalama zace, ndipo pamene mbiri ya Livingstone inasowa, analipirira ulendo wokamfunafuna wodzera ku Congo. Livingstone anamwalira mu May 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko lathu lino. Amene ananyamula mtembo wace kufikira ku nyanja yaikulu anatsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, ndipo Young ndiye analipira ulendo wa awiriwa kuti afike ku Britain mu 1874. Kumeneko anafotokoza za masiku otsiriza a mbuye wao, ndipo pa munda wa Young anamanga khumbi lofanana ndi lija anamwaliramo. Ku sukulu ya Anderson's anapereka cuma cace kuti pakhale mphunzitsi wamkulu wa kemisitiri wa m'mafakitale, nakhalanso mtsogoleri wa sukuluyo zaka zingapo. Sukuluyo inakula, ndipo mu 1964 inasanduka University of Strathclyde. Young anamwalira pa 13 May 1883, ali ndi zaka 71.

Aphunzitsi anzanga, m'masiku a Young mwana wa mmisiri anayenera kuba nthawi ya tulo kuti amve za kemisitiri. Ife tiri ndi University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ndipo nyumba zace ziimirira pa mseu wa Great East, moyandikana ndi Kalingalinga. Kumeneko wophunzira atha zaka zinai nalandira digiri ya kemisitiri, ndipo migodi ya kopa, mafakitale a feteleza, zipatala ndi oyang'anira madzi akumwa onse afuna anthu otere. Koma mwana wa ku Kalingalinga angathe kuona mpanda wa yunivesite tsiku liri lonse osalowamo, ndipo wa kumudzi angathe kukula osamva n'komwe kuti phunziro lotere liripo.

Khomo loyamba liri m'kalasi mwathu. Kulibe nyumba yoyesera m'sukulu zathu zambiri, koma tiri ndi mcere wosungunula m'madzi ndi kuumitsa pa dzuwa, tiri ndi cidulo ca phulusa, tiri ndi ketulo ndi mbale yozizira yogwirira nthunzi. Ndipo pakati pa ana athu alipo wina wocedwa pa kuwerenga, koma wocenjera pa kukonza njinga ndi kupanga galimoto la mawaya. Graham akadapanda kuyang'ana manja a mnyamata wa kalipentala, Young akadafa akupala matabwa. Tiyeni timuone mwana ameneyo, timuike patsogolo pamene tiyesa zinthu, ndipo tisamleke ataye masamu, pakuti popanda masamu sadzalowa pa khomo la yunivesite.