Jane Austen: Mkazi Amene Anakana Banja

Jane Austen anabadwa pa 16 Disembala 1775 m'mudzi wa Steventon ku England. Anali wachisanu ndi chiwiri mwa ana asanu ndi atatu a mbusa George Austen. Alongo ake awiri anakaphunzira ku Oxford, kumene Chilatini ndi Chigiriki zinali kulemekezedwa, koma iye anasiya sukulu mu 1786, ndipo zotsalazo anaziphunzira m'mabuku a bambo ake. Nthano zake anazilemba m'Chingerezi cha pakhomo, chimene ankamva kwa anansi. Tikuyamba ndi mfundoyi chifukwa m'midzi ya Tsangano ndi Macanga alipo makolo amene amayesa kuti nzeru zimangobwera m'Chipwitikizi.

Mu Disembala 1802, Harris Bigg-Wither, mnyamata woyembekezera kulandira chuma chambiri, anamufunsira. Jane anavomera madzulo, koma kutacha anabweza mawu. Tisachiyese chinthu chopepuka. Analibe munda kapena nyumba yakeyake, ndipo bambo ake atamwalira mu 1805, iye, mayi ake ndi mkulu wake Cassandra anakhala mosamukasamuka, akudalira achibale, mpaka 1809 pamene mlongo wake Edward anawapatsa nyumba ku Chawton. Kumeneko ndiko mabuku ake anakhwimira. Umwini wa Pride and Prejudice anaugulitsa mapaundi 110 okha.

Buku la Emma, limene linatuluka mu Disembala 1815, ndilo tikufuna muliganizire mofatsa. Emma Woodhouse ndi namwali wa chuma cha mapaundi 30,000, choncho akhoza kunena kuti safuna kukwatiwa popanda womudzudzula. Komabe amatanganidwa ndi kupezera anzake amuna. Amanyengerera Harriet Smith, mtsikana wosadziwa makolo ake, kuti akane mlimi Robert Martin amene amamukonda, namulozera kwa mbusa Elton, yemwe maso ake ali pa Emma mwiniyo. Wophunzira wa kwathu akamva nthanoyi amafulumira kumutcha Emma nkhoswe. Ife tikukana. Nkhoswe imatumidwa ndi abale, ndipo banja likagwedezeka ndiyo imadzutsidwa usiku kukaweruza. Emma sanatumidwe ndi munthu, ndipo zinthu zitasokonekera amene analira kwambiri ndi Harriet. Mtsutso wotere mwana wa ku Furancungo angauchite mozama m'Chinyanja, pakuti mawu monga mbeta, chitomero ndi chikamwini amawadziwa kale.

Mlinso Jane Fairfax, waluso kuposa Emma koma wosauka, amene akuyembekezera ntchito yophunzitsa ana a anthu olemera ndi mtima wachisoni. Ife aphunzitsi tingamwetulire pamenepa, koma wolembayo akuonetsa poyera kuti kukana kwa mtsikana kumalimba ngati ali ndi podalira. Lamulo la dziko lathu la 2019 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo m'kalasi mwanu mudzakhala atsikana amene akuuzidwa kale kwawo kuti mwamuna wapezeka.

Jane Austen anamwalira ku Winchester pa 18 Julayi 1817, ali ndi zaka 41, wosakwatiwa. Mabuku anayi amene anatuluka iye ali moyo sanalembedwe dzina lake. Mlongo wake Henry ndiye anaulula poyera kumapeto kwa chaka chomwecho, pamene mabuku awiri otsala anasindikizidwa.