Guru Hargobind, Mphunzitsi wa Malupanga Aŵiri

Kalekale tiyi asanaphimbe zitunda za ku Thyolo, m'chaka cha 1891, kufupi konko ku Mulanje kunafika asilikali andevu zambiri, ovala nduŵira kumutu, amene Harry Johnston anawaitanitsa ku India. Ambiri mwa iwo anali Asikhi, ndipo anayamba ndi kumenyana ndi mfumu Chikumbu. Komatu chipembedzo chawo chinayamba ndi Guru Nanak, mlaliki wa mapemphero ndi ntchito zachifundo. Amene anachiphunzitsa kugwira zida ndiye Guru Hargobind.

Hargobind anabadwa m'chaka cha 1595 pafupi ndi Amritsar, m'dziko la Punjab. Atate ake, Guru Arjan, anali mtsogoleri wachisanu wa Asikhi. Mu 1606 mfumu Jahangir inawagwira, ndipo anafera m'mazunzo ku Lahore. Motero mnyamata wa zaka 11 analoŵa m'malo mwa atate ake ali ndi misozi m'maso.

Polongedwa udindowo, iye anamangirira malupanga aŵiri m'chiuno. Lina linatchedwa piri, kutanthauza ulamuliro wa zauzimu. Linzake miri, ulamuliro wa zapansi pano. Imfa ya atate ake inamuonetsa kuti anthu ongopemphera, opanda chodzitetezera, wankhanza amawatha mosavuta. Anamanga bwalo la Akal Takht moyang'anizana ndi kachisi wa ku Amritsar, nayamba kuweruzirapo milandu, kuŵeta akavalo ndi kusonkhanitsa ankhondo.

Zimenezi sizinamkomere Jahangir, ndipo anamtsekera m'linga la Gwalior. Asikhi amasimba kuti pomasulidwa anakana kutuluka yekha mpaka mafumu 52 amene anali nawo m'ndendemo atamasulidwanso. M'nthaŵi ya mfumu Shah Jahan anamenya nkhondo zingapo, kenaka anasamukira ku Kiratpur, kumene anamwalira mu 1644.

Njira imene iye analambula inapitirira. Mwana wake, Guru Tegh Bahadur, anadulidwa mutu ku Delhi mu 1675, ndipo mdzukulu wake, Guru Gobind Singh, anakhazikitsa gulu la Khalsa mu 1699, nalamula kuti aliyense wa m'gululo azinyamula lupanga lotchedwa kirpan.

Angelezi atalanda Punjab mu 1849, analemba Asikhi ambiri usilikali. Umo ndi mmene lupanga limene Hargobind analisolola pofuna kuteteza oponderezedwa linadzafikira ku Mulanje, likugwira ntchito ya boma la atsamunda.