Francis wa ku Assisi: Mwana wa mpondamatiki yemwe adapemphetsa miyala yokonzera tchalitchi

Ndalama zoyamba zomwe Francis wa ku Assisi adapereka kuti zikonzere tchalitchi zidakanidwa. Wansembe wa pa San Damiano, katchalitchi kakale komwe kadali pafupi kugwa kunja kwa linga la mzinda wa Assisi m'dziko la Italy, sadafune n'kuzikhudza komwe. Iye ankadziwa kuti mnyamatayo ndi mwana wa yani, komanso kuti mwini chumacho sadauzidwe kanthu.

Francis, yemwe Akatolika kuno kwathu amamutchula kuti Fransisko Woyera, adabadwa m'chaka cha 1181 kapena 1182. Bambo ake, a Pietro di Bernardone, adali mpondamatiki pa malonda a nsalu ndipo ankakapikula katundu mpaka ku France. Mnyamatayu adakula mwa mwanaalirenji. Ankakonda zovala zapamwamba, maphwando ndi nyimbo, ndipo khumbo lake lidali lodzatchuka pa nkhondo.

Mwayi woonetsa chamuna udapezeka mu 1202 pomwe Assisi adamenyana ndi mzinda woyandikana nawo wa Perugia. Koma Francis adagwidwa n'kukhala m'ndende pafupifupi chaka chathunthu. Atatuluka adadwala kwa nthawi yaitali, ndipo zomwe zinkamukomera kale zidayamba kumusukulukira.

Malinga ndi omwe adalemba mbiri yake, cha m'ma 1205 akupemphera patsogolo pa mtanda mu San Damiano, adamva mawu omuuza kuti akonze nyumba ya Mulungu yomwe inkagwa. Atayang'ana ming'alu ya m'zipupa, sadaganize kawiri. Adapita kusitolo ya bambo ake, adatenga nsalu zodula, adakwera kavalo ulendo wa kumsika wa ku Foligno. Kumeneko adagulitsa nsaluzo pamodzi ndi kavalo yemwe, n'kubwerera wapansi.

Izi ndizo ndalama zomwe wansembe uja adakana. Francis adangoziponya pazenera la tchalitchi n'kuzisiya pomwepo.

A Pietro atamva, adapsa mtima zedi. Mnyamatayo adabisala m'dzenje kwa mwezi umodzi, ndipo atatulukamo ali wowonda ndi waumve, anthu a mumzindamo adamugenda pomuyesa wamisala. Bambo ake adamumenya n'kumutsekera m'nyumba, mpaka mayi ake, a Pica, adamumasula bambowo atachokapo.

Mlandu udakathera kwa episkopi wa Assisi, a Guido. Chigamulo chawo chidali chakuti ndalamazo zibwerere kwa mwini wake, popeza ntchito ya Mulungu siyenera kuyendetsedwa ndi chuma chotengedwa mosayenera. Francis adabweza ndalama zonse. Kenaka adavula zovala zomwe adali nazo, n'kuziika pamapazi a bambo ake anthu akuona, kusonyeza kuti cholowa chawo alibe nacho gawo. Episkopiyo adamufunditsa mwinjiro wake.

Apa ndiye pomwe ntchito yeniyeni idayambira. Tchalitchi chidali chikadali ndi ming'alu yake, koma wofuna kuchikonza adalibe ngakhale khobidi limodzi. Adayamba kuyenda m'misewu ya mumzinda momwe adakuliramo, akuimba ndi kupempha miyala. Ankalonjeza mphoto ya kwa Mulungu kwa aliyense molingana ndi miyala yomwe wapereka, kaya umodzi, iwiri kapena itatu. Ena ankamuseka, ena ankagwidwa chifundo n'kupereka. Miyalayo ankaisenza yekha pamsana, munthu yemwe sadazolowere ntchito ya thukuta.

Kupempha sikudali kophweka kwa mwana wa kubanja lodziwika. Tsiku lina akufunafuna mafuta a nyali ya m'tchalitchimo, adafika pakhomo pomwe padasonkhana anthu akuchita masewera. Manyazi adamugwira ndipo adabwerera. Ali m'njira adadzidzudzula, adatembenuka, adakaulula mantha akewo pamaso pa onse, n'kupempha mafutawo. Ngakhale chakudya chabwino chomwe wansembe ankamukonzera adachisiya, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo ndi mbale m'manja.

San Damiano atatha, adakonzanso matchalitchi ena awiri: cha San Pietro ndi kena kakang'ono ka m'chigwa kotchedwa Porziuncola. Kumeneko ndiko kudakhala kuchimake kwa anzake omwe adayamba kumutsata, ndipo cha m'ma 1209 Papa Innocent III adavomereza moyo wawo waumphawi. Chipani cha ansembe ndi abulazala chomwe chidabadwa pamenepo chafalikira pa dziko lonse.

Nyumba zomwe adakonzazo sizidakhale zopanda anthu. Mu 1212 mtsikana wa kubanja lolemera, Clare, adathawa kwawo kudzatsata moyo womwewo, ndipo adakhala pa San Damiano ndi anzake kufikira imfa yake mu 1253. Asisitere a chipani chake, a Poor Clares, alipo mpaka lero, kuphatikizapo mumzinda wa Lilongwe.

Francis adamwalira madzulo a pa 3 Okutobala 1226 ku Porziuncola, maso ake atatsala pang'ono kuchita khungu. Pasadathe zaka ziwiri, Papa Gregory IX adamuika m'gulu la oyera mtima. Mu 2013, Jorge Mario Bergoglio atasankhidwa kukhala papa, adatenga dzina lake.

Makomiti omwe akusonkhetsa ndalama zokonzera denga lodontha kapena chipupa chong'ambika m'mipingo yathu amalidziwa bwino yesero lomwe wansembe wa pa San Damiano adakumana nalo: thumba lalikulu lofika tsiku limodzi, lomwe gwero lake palibe akufuna kulifunsa. Wansembeyo adalikana, ndipo tchalitchi chake chidakonzedwa ndi miyala ya anthu wamba. Patha zaka zoposa 800, koma San Damiano akadali chiimire pamtsetse wa phiri la Assisi, ndipo anthu akupempheramobe.