Cullen Young, wowerengera ndalama amene anadziphunzitsa Chitumbuka

Aliyense wofuna kuwerenga mbiri ya Nkhamanga, dera limene muli Bolero ndi Mwazisi m'boma la Rumphi, sachedwa kukumana ndi dzina la Thomas Cullen Young. Munthuyu sanali Mtumbuka, ndipo sanaphunzirepo za ziyankhulo pasukulu ya ukachenjede. Anali wowerengera ndalama wochokera ku Scotland. Komabe mabuku ake a Chitumbuka ndi a mbiri ya anthu a ku Nkhamanga akuwerengedwabe ndi kutsutsidwa mpaka lero, patapita zaka zoposa 90.

Young anabadwa mu 1880, mwana wa m'busa. Atamaliza maphunziro a kasungidwe ka mabuku a ndalama anadzipereka ku mishoni ya Livingstonia, ndipo anafika kuno mu 1904. Pa nthawiyo likulu la mishoni linali litakhazikika paphiri la Khondowe, pamene Dr. Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun mu 1894. Mishoni inali itakula: sukulu zambirimbiri m'midzi, aphunzitsi ofuna malipiro, nyumba yosindikizira mabuku, amisiri a matabwa ndi a njerwa. Panafunika munthu wodziwa kulondoloza ndalama, ndipo ntchito ya Young inali imeneyo. Ubusa anadzadzozedwa pambuyo pake.

Munthu wa ntchito yotere akanatha kukhala zaka zake zonse ndi Chitumbuka chongokwanira kulonjera ndi kutuma wantchito. Azungu ambiri a m'boma ndi a m'maesiteti anachita zomwezo, ndipo anabwerera kwawo akuganiza kuti akuwadziwa anthu a kuno.

Tiyeni tione chimene munthu wobadwira m'Chingerezi ankakumana nacho. Mabuku othandiza anali ochepa kwambiri. Dr. Walter Elmslie anali atalemba kabuku ka malamulo a Chitumbuka mu 1891, ndipo Chipangano Chatsopano chonse m'Chitumbuka chinadzatuluka mu 1911, Young atakhala kale kuno zaka 7. Kupatula apo, mphunzitsi anali khutu. Tsono Chingerezi chimakonda kusintha mawu kumapeto kwake, pamene ziyankhulo zathu zimasintha kumayambiriro. Mtumbuka amati munthu muwemi, ŵanthu ŵawemi, chinthu chiwemi, vinthu viwemi. Ife tikamva zimenezi sitidabwa, chifukwa Chichewa chimayenda momwemo. Koma mlendo amamva mawu anayi osiyana pamene pali tsinde limodzi, ndipo ngakhale atakhala ndi dikishonale sangadziwe chilembo choti ayang'anepo mpaka atazindikira kuti mutu wa mawuwo uyenera kuchotsedwa kaye. Pali phokoso la ŵ, limene milomo ya Mngerezi siinazolowere. Palinso kakanidwe. Mchewa amaika kukana kutsogolo, amati sindikudziwa, pamene Mtumbuka amasunga kukanako mpaka kumapeto, amati nkhumanya yayi kapena nkhumanya chara. Wophunzira wopupuluma amavomera mutu chiganizo chisanathe, kenaka n'kuzindikira kuti munthu uja amakana.

Young sanalekere pa Chitumbuka. Ntchito inamufikitsa ku Loudon, kumene lero timati Embangweni, komanso ku Kasungu, kumene anthu amayankhula Chichewa. Wina angaganize kuti chiyankhulo chachiwiricho chinali chophweka poti ziwirizi ndi zapachibale, ndipo mbali ina ndi zoona. Koma chibale chomwecho ndicho msampha. Maji ndi madzi, zina ndi dzina, kurya ndi kudya: mawu amayandikana kotero kuti lilime limaterereka n'kusakaniza. Ophunzira athu ochokera kumpoto amene anafika pakoleji pano ndi Chichewa cha pawailesi chokha akudziwa bwino zimene ndikunena.

Ku Kasungu komweko kunachitika nkhani imene Amalawi ambiri amamudziwira Young. Mu 1915 ankayang'anira mayeso a ofuna uphunzitsi. Mnyamata wina wamfupi amene anakhala kumbuyo anaimirira kuti aone bwino bolodi. Young anaganiza kuti akuonera za mnzake, ndipo anamutulutsa. Mnyamatayo anali Hastings Kamuzu Banda, amene posakhalitsa ananyamuka wapansi kulowera ku Southern Rhodesia, kenaka ku Joni. Young anali atakhala m'dziko muno zaka 11, ankamva chiyankhulo, koma tsiku limenelo anaweruza ndi maso osafunsa.

Buku lake loyamba, Notes on the Speech and History of the Tumbuka-Henga Peoples, linasindikizidwa ku Livingstonia mu 1923. Kuchokera mu 1904 ndi zaka 19. Pakati pa zaka zimenezo panali mabuku a ndalama, maulendo oyendera sukulu, kusamutsidwa kuchoka pa siteshoni ina kupita pa ina, ndiponso nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene inafika mpaka ku Karonga mu 1914 n'kusokoneza ntchito za mishoni. Ambiri a ife tikayamba Chifalansa pafoni timaleka mwezi usanathe, pamene tili ndi mawu ojambulidwa, madikishonale ndi aphunzitsi a pa intaneti amene Young sanalote n'komwe.

Nanga chinamugwira n'chiyani kwa zaka zonsezo? Mabuku akewo ndiwo akuyankha. Mutu wa buku loyamba ukuika pamodzi zinthu ziwiri, chiyankhulo ndi mbiri, ndipo zimene analemba pambuyo pake zikutsata njira yomweyo. Mu 1931 anatulutsa buku la miyambo ndi nthano za Atumbuka a ku Nkhamanga. Mu 1932 anakonzanso buku loyamba lija n'kuligawa pawiri, lina la chiyankhulo, lina la mbiri. Zikuoneka kuti sankaphunzira Chitumbuka pofuna kungochidziwa. Panali zinthu zimene ankafuna kumva, ndipo zinali m'mitu ya akuluakulu osayankhula Chingerezi: mmene ukwati umamangidwira, mmene mlandu umazengedwera, chifukwa chimene munthu wakufa amawerengedwabe m'banja, kumene mafuko a Gondwe, Mkandawire, Luhanga ndi ena anachokera. Funso lililonse likayankhidwa linkabala lina, ndipo lililonse linkafuna mawu atsopano. Mwambi sungaumve ndi galamala yokha. Uyenera kudziwa nyama, mbewu ndi chibale chimene mwambiwo ukutchula.

Zimene anamvazo zinamusintha. Amishonale ambiri a nthawi yake ankaona miyambo ya kuno ngati tchire loyenera kulambulidwa. Young anayamba kulemba kuti moyo wa pamudzi uli ndi malamulo ake, chilungamo chake ndi nzeru zake, ndipo kuti Mzungu ayenera kuyamba wamvetsa asanaweruze. Mkhristu wowerenga mabuku ake African Ways and Wisdom la 1937 ndi Contemporary Ancestors la 1940 sangagwirizane naye pa zonse, makamaka pa nkhani ya mizimu ya makolo. Koma n'kovuta kukana kuti munthuyu anamvetsera.

Mbiri ya Nkhamanga imene analemba ikusimba za Mlowoka, wamalonda a minyanga ya njovu amene anawoloka nyanja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 n'kukhazikika pakati pa Atumbuka, ndi za ufumu wa Chikulamayembe umene unachokera mwa iye. Angoni anauphwasula ufumuwo chapakati pa zaka za m'ma 1800, ndipo boma la atsamunda linaubwezeretsa mu 1907 polonga Chilongozi Gondwe. Young anadalira kwambiri zolemba za Saulos Nyirenda, Mhenga wophunzira ku Livingstonia amene ankagwira ntchito ya telegalafu, ndipo analemba mbiri ya anthu ake m'Chitumbuka mu 1909. Young anaimasulira m'Chingerezi n'kuifalitsa m'magazini ya Bantu Studies, ndi dzina la Nyirenda pamwamba. Pa nthawi imene Azungu ambiri ankatenga nzeru za anthu akuda osatchula mwini wake, chimenechi sichinali chaching'ono.

Pamenepa ndi pomwenso pali chofooka chake chachikulu. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wa mbiri Leroy Vail anafufuzanso nkhaniyi, ndipo anapeza kuti Young anaukuza ufumu wa Chikulamayembe kuposa mmene unalili. Malinga ndi Vail, a Chikulamayembe akale anali ndi mphamvu pa malonda ndi pa dera la Nkhamanga, koma sanalamulire Atumbuka onse. Anthu amene Young ankawafunsa ambiri anali ophunzira a mishoni amene ankafuna kuti ufumuwo ulemekezedwe, ndipo mafuko ena anali ndi nkhani zawo zimene sizinalowe m'buku. Young ankamva Chitumbuka bwino lomwe, koma ankachimva kuchokera pakamwa pa anthu a mbali imodzi. Bukulo litasindikizidwa linakhala umboni pa mikangano ya ufumu, ndipo ana asukulu analiphunzira ngati choonadi chosatsutsika.

Anachoka ku Nyasaland mu 1931 n'kukagwira ntchito ku bungwe losindikiza mabuku achikhristu ku Britain, la Religious Tract Society, limene pambuyo pake linakhala United Society for Christian Literature. Kwa ambiri, apa ndi pomwe chiyankhulo chimafera: palibenso woyankhula naye, mawu amayamba kuthawa. Young anapeza njira yochisungira, yomwe ndi kumasulira. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anali atapambana mpikisano wa olemba a mu Africa ndi buku lake la Chichewa lotchedwa Nthondo. Young analimasulira, ndipo linatuluka mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa. Mu 1949 anamasuliranso buku lina la Ntara, Msyamboza, n'kulitcha Headman's Enterprise. Womasulira sangalumphe mawu ovuta monga amachitira munthu pocheza. Chiganizo chilichonse chimamufunsa ngati wachimvadi.

Ku Britain komweko anakumananso ndi mnyamata wa ku Kasungu uja, tsopano ali dokotala wophunzira ku America ndi ku Edinburgh. Awiriwa anakhala mabwenzi, ndipo anagwirira limodzi ntchito yomasulira nkhani zitatu za Chinyanja zolembedwa ndi John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara. Bukulo, Our African Way of Life, linatuluka mu 1946 ndi mayina a onse awiri, woyang'anira mayeso ndi amene anatulutsidwa.

Young anamwalira mu 1955, zaka zitatu Dr. Banda asanabwerere kwawo. Motero sanaone zimene zinachitika mu 1968, pamene boma la mnzake uja linasankha Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'manyuzipepala a boma. Ana a ku Mwazisi ndi ku Bolero anayamba kuphunzira Chichewa m'kalasi, Chitumbuka n'kumachisiya pakhomo la sukulu. Chinabwereranso pawailesi ya MBC mu 1994.