Florence Ballard: Mphoto Zinamupeza Ali M'manda

Mu 1988 gulu la The Supremes linalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame ku America. Pa nthawiyo, mayi amene anasankha dzina la gululi anali atagona m'manda kwa zaka pafupifupi 12. Ambiri a ife tikamva za The Supremes timangokumbukira Diana Ross, koma Florence Ballard sitimudziwa n'komwe.

Florence anabadwa pa 30 June 1943 mumzinda wa Detroit, m'banja lalikulu komanso losauka. Mu 1959, akadali pasukulu, iye pamodzi ndi Mary Wilson, Diana Ross ndi Betty McGlown anayamba kuimba pansi pa dzina loti The Primettes. Kampani ya Motown itawatenga mu 1961 inafuna dzina lina, ndipo Florence ndi amene analoza la Supremes pa mndandanda womwe anapatsidwa.

Mawu ake anali amphamvu kuposa a anzake. Komabe mwini kampaniyo, Berry Gordy, anaona kuti mawu opepuka a Diana ndi amene azungu angagule, choncho anamuika kutsogolo. Pa malonda sanaphonye: nyimbo 10 zinafika pa nambala 1 Florence akadali m'gululi, kuyambira ndi "Where Did Our Love Go" mu 1964. Koma ife amene tinaimbapo m'kwaya tikudziwa mmene zimawawira kubwezedwa kumzere wakumbuyo m'gulu lomwe unaliyambitsa nawo. Florence anayamba kumwa mowa kwambiri ndi kujomba kumaphwando a zoimbaimba. Mowawo sitingauikire kumbuyo, ngakhale tikuona kuti akuluakulu a kampani anafulumira kupeza womulowa m'malo kusiyana ndi kumuthandiza. Mu 1967 anamuchotsa, Cindy Birdsong n'kutenga malo ake, ndipo gululo linayamba kutchedwa Diana Ross & the Supremes.

Nyimbo zomwe anajambula payekha ku ABC Records sizinayende malonda. Nyumba inalandidwa, ndipo mayi wa ana aakazi atatuyu anafika podalira thandizo la boma. Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 22 February 1976 ali ndi zaka 32.

Gululi silinapambanepo Grammy yampikisano. Ya Lifetime Achievement inabwera mu 2023, Mary Wilson nayenso atamwalira kale mu 2021, ndipo mwa atatu olemekezedwawo wamoyo anali Diana Ross yekha.